Fupa la msana likaphwanyika: Mpeni kapena kudikira?

Miyezi ya Okutobala mpaka Disembala imakhala yotanganidwa kwa anthu okhala m'mbali mwa nyanja ya Chilwa m'boma la Zomba. Abambo amakhala padenga kufolera nyumba mvula isanagwe, anyamata amakhala m'mitengo kuthyola mango, pomwe akabaza amathamanga usana ndi usiku kuchokera padoko la Kachulu atanyamula madengu a matemba ndi mlamba wowamba.

Pantchito zonsezi munthu akhoza kugwa n'kuthyoka msana.

Tiyerekeze kuti bambo wina wa m'dera la mfumu yaikulu Mwambo waterereka padenga n'kugwa chokhala. Akumva ululu woopsa cha m'chiuno, koma zala zakumapazi akuzigwedeza bwinobwino. Abale amutengera kuchipatala chachikulu cha Zomba, ndipo atamujambula adokotala akuti fupa limodzi la msana laphwanyika koma samuchita opaleshoni. Akuti agone masiku angapo, azimwa mankhwala opha ululu, kenako ayambe kuyenda pang'onopang'ono.

Apa m'pamene pamayambira mkangano pakati pa abale. Ena amati achipatala amutaya m'bale wawo chifukwa ndi wosauka. Ena amati bola kugulitsa khoka ndi njinga kuti apite naye kuchipatala cholipira ku Blantyre akamuike zitsulo. Enanso amati kumudzi kuli sing'anga wodziwa kulumikiza mafupa.

Koma funso loti munthu wotereyu achitidwe opaleshoni kapena ayi silivuta anthu a ku Kachulu okha. Lakhala likuwazunguza mitu madokotala a m'maiko olemera kwa zaka zoposa 50, ndipo zomwe apeza ndi zofunika kuti banja lililonse lizidziwe lisanagulitse katundu kapena kuthawitsa wodwala m'chipatala.

Chimachitika n'chiyani mumsana?

Msana si fupa limodzi ayi. Ndi timafupa 33 tosanjikizana ngati njerwa: 7 pakhosi, 12 kumbuyo kwa chifuwa komwe kumagwira nthiti, 5 m'chiuno, ndipo totsalato tidamatirirana kumunsi kwenikweni.

Pakati pa timafupati pali mphako momwe mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo. Mtsempha umenewu ndiwo umanyamula uthenga wouza miyendo kuti iyende, chikhodzodzo kuti chisunge kapena kutulutsa mkodzo, komanso khungu kuti limve kutentha ndi ululu.

Munthu akagwa chokhala kapena choimirira kuchokera pamwamba, kulemera kwa thupi lonse kumatsikira pamsana. Malo omwe amavulala kawirikawiri ndi pomwe nthiti zathera ndipo chiuno chayambira, omwe achipatala amawatchula kuti T12 ndi L1. Izi zili choncho kaamba koti mbali yam'mwamba ndi yolimba chifukwa cha nthiti, pomwe yam'munsi ndi yopindika, ndiye mphamvu yonse imathera pamalirepo.

Nthawi zina fupa limangofinyika mbali yakutsogolo, ndipo kuthyoka kotere sikukhala koopsa kwambiri. Koma mphamvu ikakhala yaikulu, fupalo limaphwanyika mbali zonse ngati chidina chomwe chapondedwa ndi ngolo, ndipo tizidutswa tina timakankhikira kumbuyo, mumphako muja. Pachingerezi kuthyoka kumeneku amati burst fracture, dzina lomwe adalitchukitsa Dr Frank Holdsworth wa mumzinda wa Sheffield ku England mu 1963.

Anthu ovulala chonchi ali m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la omwe tizidutswa tija tapanikiza kapena kuvulaza mtsempha, moti miyendo yafooka, yachita dzanzi kapena yaferatu. Gulu lachiwiri ndi la omwe fupa laphwanyika koma mtsempha wapulumuka, ngati bambo wa kwa Mwambo uja. Mkangano waukulu wa madokotala uli pagulu lachiwirili.

Njira ziwiri

Njira yoyamba ndi yakale: kulisiya thupi kuti lidzichize lokha. Fupa la msana limapola ngati fupa lina lililonse, ndipo limatenga pafupifupi miyezi itatu kuti ligwirane. Kale wodwala ankamugoneka pabedi milungu 6 kapena kuposerapo, ena n'kuwamanga chikhakha kuyambira m'chifuwa mpaka m'chiuno. Masiku ano, fupa likaoneka kuti silisuntha, wodwala amamudzutsa patangotha masiku ochepa, nthawi zina atavala chovala cholimba chogwira msana.

Chodabwitsa n'choti ngakhale tizidutswa tomwe talowa mumphako thupi limatisungunula pang'onopang'ono, moti pakatha chaka mphako ija imakhala itatsekuka ndithu poyerekeza ndi tsiku la ngozi.

Njira yachiwiri ndi opaleshoni. Dokotala amang'amba pamsana n'kulowetsa masikuluwu m'mafupa a pamwamba ndi pamunsi pa fupa lophwanyikalo, kenako amawalumikiza ndi timitengo tachitsulo tiwiri. Luso lolowetsa masikuluwu m'mafupawa adalitukula Dr Raymond Roy-Camille wa ku France m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Ngati mtsempha wapanikizika, dokotala amachotsanso fupa lomwe likuupanikizalo.

Ubwino wa opaleshoni ndi woti msana umawongoka, umalimba tsiku lomwelo ndipo wodwala amadzuka msanga. Kuipa kwake ndi koti bala likhoza kulowa tizilombo, magazi akhoza kutayika ambiri, sikuluwu ikhoza kuphonya n'kukhudza mtsempha, ndipo zitsulo zikhoza kuthyoka kapena kukhwefuka moti munthu n'kufunika opaleshoni yachiwiri.

Njira yosang'amba nayo ili ndi zovuta zake. Msana ukhoza kupola uli wopindika pang'ono, ululu ukhoza kukhalitsa, ndipo mwa apo ndi apo fupa lomwe linkaoneka lokhazikika limapitiriza kutitimira mpaka munthu kufunika opaleshoni mochedwa.

Kafukufuku akuti chiyani?

Mu 2003, Dr Kirkham Wood ndi anzake a ku Minnesota m'dziko la America adatulutsa zotsatira za kafukufuku yemwe mpaka lero amatchulidwa paliponse pomwe nkhaniyi ikukambidwa. Iwo adatenga anthu ophwanyika fupa la msana koma mtsempha uli bwino n'kuwagawa mwamaere: ena opaleshoni, ena chikhakha kapena chovala chogwira msana.

Atawatsatira anthu 47 kwa zaka pafupifupi zinayi, adapeza kuti panalibe kusiyana kwenikweni pa kapindikidwe ka msana ngakhalenso pa chiwerengero cha omwe adabwerera kuntchito. Omwe adachitidwa opaleshoni ndiwo adakumana ndi zovuta zambiri, ndipo chithandizo chawo chidadya ndalama zochuluka kuposa kanayi.

Madokotalawa sadalekere pomwepo. Mu 2015 adalengeza kuti adawapezanso anthu 37 mwa anthu aja patatha zaka 16 mpaka 22, ndipo omwe sadachitidwe opaleshoni ndiwo ankadandaula ululu wochepa komanso ankagwira bwino ntchito zawo.

Koma mu 2006 kafukufuku wina wotsogozedwa ndi Dr Jan Siebenga wa ku Netherlands, yemwe adakhudza anthu 34, adapeza zosemphana ndi izi. Kumeneko omwe adachitidwa opaleshoni ndiwo adapeza bwino kwambiri ndipo ambiri mwa iwo adabwerera kuntchito zawo zakale.

Bungwe la Cochrane, lomwe ntchito yake ndi kusanthula kafukufuku wa zaumoyo padziko lonse, lidaika pamodzi akafukufuku awiriwa mu 2013 ndipo lidati umboni ndi wochepa komanso wotsutsana, kotero palibe yemwe anganene motsimikiza kuti njira iyi ikuposa inzake.

Nkhani ina yokomera maiko osauka idachokera ku Canada mu 2014, komwe Dr Christopher Bailey adatsogolera kafukufuku wa anthu 96 a mtundu womwewu. Theka adavala chovala chogwira msana, theka lina sadavale kanthu koma adangowadzutsa msanga n'kuwalangiza kayendedwe. Patatha miyezi itatu magulu onse awiri adali chimodzimodzi.

Tanthauzo lake ndi loti dokotala wa ku Zomba akanena kuti sang'amba munthu yemwe miyendo yake ikugwira ntchito ndipo fupa lake ndi lokhazikika, si kuti wamutaya. Akhoza kukhala kuti akumupatsa chithandizo chomwe akadachilandiranso ku America kapena ku Canada.

Pomwe mpeni uli wofunika

Izi sizikutanthauza kuti opaleshoni ndi yachabe. Pali anthu omwe popanda opaleshoni tsogolo lawo limaonongeka.

Mu 2005 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Dr Alexander Vaccaro wa ku America lidakonza njira yowerengera mapointi yotchedwa TLICS, yomwe imathandiza dokotala kusankha. Iwo amayang'ana zinthu zitatu: mmene fupa lathyokera, mmene mtsempha ulili, ndi ngati minyewa yolimba yomwe imamanga mafupa kumbuyo kwa msana yaduka kapena ayi.

Fupa lophwanyika palokha limapatsidwa mapointi awiri. Mtsempha ukavulala mbali imodzi koma usanaferetu amaonjezera atatu, ndipo minyewa yakumbuyo ikaduka amaonjezeranso atatu. Mapointi akakhala atatu kapena kucheperapo, wodwala sang'ambidwa. Akafika asanu kapena kuposerapo, opaleshoni ndiyo njira. Akakhala anayi, dokotala amaona yekha chomwe chingathandize.

Choncho bambo wa kwa Mwambo uja, ngati minyewa yake ili bwino, ali ndi mapointi awiri okha. Koma mnzake yemwe wagwa padenga lomwelo ndipo mwendo umodzi ukufooka ola ndi ola ali ndi mapointi asanu, ndipo akatswiri amalimbikitsa kuti mtsempha wopanikizika umasulidwe pasanathe maola 24 ngati n'kotheka.

Chinanso chomwe mabanja ayenera kumva, ngakhale chili chowawa, ndi choti mtsempha ukaferatu opaleshoni siulumikiza. Zitsulo zimathandiza kuti munthu akhale tsonga msanga, asamavutike ndi ululu potembenuka, ndipo ayambe mafizo. Koma aliyense wolonjeza kuti munthu wotereyu adzayenda akangolipira ndalama, kaya ndi wachipatala kaya ndi sing'anga, afunsidwe bwino.

Vuto la ku Chilwa ndi ulendo

Akafukufuku onse tatchulawa adachitikira m'maiko momwe ambulansi imafika pamalo a ngozi m'mphindi zochepa, ndipo wodwala amajambulidwa ndi makina a CT tsiku lomwelo. Kwa munthu wa ku Kachulu nkhani ndi ina.

Kuchokera padoko la Kachulu kukafika mumzinda wa Zomba ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 30. Wa pachilumba cha Chisi, kwa mfumu yaikulu Mkumbira, ayenera kuyamba wakwera boti. Msodzi yemwe amakhala milungu yambiri m'zimbowera pakati pa nyanja ali kutali koposa. Akatumizidwa kuchipatala cha Gulupu ku Blantyre ndi makilomita ena oposa 60, pomwe Lilongwe ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 300.

Paulendo umenewu m'pamene anthu ena amataya miyendo yawo. Munthu wagwa mumtengo miyendo ikugwira ntchito, koma abale, mwachifundo chawo, amamunyamula wina kumikono wina kumiyendo, msana uli lende pakati. Kenako amamukhazika panjinga yamoto pakati pa woyendetsa ndi m'bale womugwirira, n'kuyamba kudumpha m'mabampu. Tizidutswa tija timasuntha, ndipo pofika kuchipatala miyendo yazizira.

Kunena zoona, chitseko chomwe abale angazule kuti amugonekepo munthu chikhoza kupulumutsa miyendo yambiri kuposa zitsulo za opaleshoni.

Vuto lachiwiri ndi kujambula. Kuti dokotala anene kuti fupa ndi lokhazikika ayenera kuliona bwino. X-ray imaonetsa kuti fupa lathyoka, koma CT ndiyo imaonetsa kuchuluka kwa tizidutswa tomwe talowa mumphako, pomwe MRI imaonetsa mtsempha ndi minyewa. Makina oyamba a MRI m'dziko muno adafika pachipatala cha Gulupu mu 2008 kudzera m'kafukufuku wa malungo a ana, ndipo mpaka pano makina a CT ndi MRI amapezeka m'zipatala zochepa za m'mizinda.

Ndiye pali kusiyana pakati pa kusang'amba chifukwa dokotala waona kuti n'kosafunika, ndi kusang'amba chifukwa palibe makina, zitsulo kapena dokotala woti achite ntchitoyo. Kusang'amba koyambako ndi chithandizo, pomwe kwachiwiriko n'kusowa pogwira chabe. Banja lili ndi ufulu wofunsa kuti wodwala wawo ali mbali iti.

Vuto lachitatu ndi mtundu wa ntchito. Kubwerera kuntchito kwa munthu wa muofesi ku Minnesota n'kosiyana ndi kubwerera kuntchito kwa munthu wokoka khoka, wopalasa bwato m'njedza, kapena woweramira mpunga tsiku lonse pasikimu ya Likangala. Msana wa mlimi ndi msodzi ndiwo khasu lake. Wotereyu akauzidwa kuti asanyamule zolemera kwa miyezi itatu kapena kuposerapo, banja lonse limagona ndi njala, ndipo ambiri amabwerera kunyanja fupa lisanagwirane.

Nyanjayonso siyodalirika. Idaphwa mu 1968, mu 1995 komanso mu 2018, ndipo ikaphwa asodzi amakakamizika kusaka ntchito zina zomwe sadazizolowere. Namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, yemwe adapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kummwera, adatikumbutsanso kuti khoma la nyumba likagwera munthu limathyola msana chimodzimodzi ngati kugwa mumtengo.

Tili ndi chiyani m'dziko muno?

Kwa zaka zambiri odwala mafupa m'dziko muno akhala akuthandizidwa ndi makiliniko ofesala a mafupa. Maphunziro awo adayamba mu 1985 motsogozedwa ndi Dr Edward Blair wa ku Canada kudzera kubungwe la Malawi Against Polio, lomwe pano limatchedwa Malawi Against Physical Disabilities. Maphunzirowa amatenga miyezi 18.

Polemba za ntchitoyi mu 2008, Pulofesa Nyengo Mkandawire ndi anzake adati akatswiriwa ndiwo amasamalira odwala mafupa 8 kapena 9 mwa 10 alionse m'dziko muno. Iwowa amadziwa bwino chithandizo chosang'amba, koma kuika zitsulo mumsana ndi ntchito ya madokotala ochepa omwe amapezeka m'zipatala zikuluzikulu.

Zinthu zasinthako. Sukulu ya madokotala ya College of Medicine, yomwe idatsekulidwa mu 1991 ndipo pano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, yakhala ikusula madokotala a opaleshoni mogwirizana ndi bungwe la COSECSA. Mu 2002 ku Blantyre kudatsekulidwa chipatala cha Beit CURE chomwe chimathandiza kwambiri ana olumala mafupa. Ndipo mu 2023 chipatala cha mafupa, ubongo ndi msana cha Lilongwe Institute of Orthopaedics and Neurosurgery, chomwe ambiri amangoti LION, chidayamba kugwira ntchito pafupi ndi chipatala chachikulu cha Kamuzu mothandizidwa ndi abwenzi a ku Norway ndi bungwe la AO Alliance.

Izi ndi zoyamikika. Komabe opaleshoni ikayamba kupezeka pamabweranso chiyeso china, choti aliyense wothyoka msana azifuna zitsulo poganiza kuti chithandizo chodula ndicho chabwino. Zitsulozi zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja zomwe dziko lino limasowa. Zikathera mwa anthu omwe akadapola okha, mnyamata yemwe mwendo wake ukufooka adzapeza kulibe.

Bedi limapha

Pali chinthu chimodzi chomwe magulu onse a madokotala amagwirizana: munthu wovulala msana kawirikawiri saphedwa ndi fupa, koma ndi zomwe zimabwera chifukwa chogona.

Pankhondo yoyamba ya dziko lonse ya 1914 mpaka 1918, asilikali 8 mwa 10 alionse a ku America omwe adavulala mtsempha wa msana adamwalira m'milungu yoyambirira. Zomwe zinkawapha ndi zilonda za pabedi ndi matenda a m'chikhodzodzo.

Yemwe adasintha zinthu ndi Dr Ludwig Guttmann, yemwe adatsekula wodi ya ovulala msana pachipatala cha Stoke Mandeville ku England mu 1944. Iyeyu sankakonda opaleshoni. Chida chake chachikulu chidali lamulo loti wodwala aliyense azitembenuzidwa maola awiri alionse, usana ndi usiku, mkodzo uzichotsedwa mwaukhondo, ndipo wodwala ayambe msanga kulimbitsa thupi. Imfa za odwala ake zidachepa kwambiri, ndipo masewero omwe adawayambitsira mu 1948 ndiwo adabala mpikisano wa Paralympics.

Phunziro la Guttmann ndi lofunika kwa ife chifukwa silifuna ndalama zakunja. Koma limafuna anthu. M'zipatala zathu anamwino ndi ochepa, ndipo ntchito yotembenuza wodwala imagwera gadiyani, yemwe nthawi zambiri ndi mayi wotopa, wogona pansi, yemwe palibe adamuphunzitsa.

Munthu yemwe khungu lake silikumva samadziwa kuti pakuotcha. Akagonera mbali imodzi maola ambiri, makamaka pamphasa kapena pamatilesi onyowa ndi mkodzo, khungu la pamatako, m'chiuno ndi kuzidendene limafa. Chilonda chimayamba ngati kadontho kofiira kapena kakuda, koma chimakumba mpaka pafupa.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidati mu 2013 anthu pakati pa 250,000 ndi 500,000 amavulala mtsempha wa msana chaka chilichonse, ndipo mpata woti anthu oterewa amwalire msanga ndi wochuluka kawiri mpaka kasanu poyerekeza ndi anzawo. Vutoli ndi lalikulu m'maiko osauka, komwe ambiri amafa ndi zinthu zopeweka.

Ku Blantyre kuli malo a Kachere Rehabilitation Centre komwe anthu ofa ziwalo amaphunzitsidwa kudzisamalira, ndipo kulinso bungwe la Spinal Injuries Association of Malawi la anthu omwe adadutsa m'mavutowa. Koma malo amodzi sangakwanire dziko lonse, ndipo njinga ya olumala yoyenda bwino pasimenti siyenda mumchenga ndi m'matope a kunyanja.

Banja lichite chiyani?

Munthu akagwa kuchokera pamwamba, akagundidwa pamsewu kapena akagweredwa ndi khoma n'kumadandaula msana, mutengeni ngati wathyoka msana kufikira achipatala atanena kuti ayi. Ngakhale yemwe wathyoka chidendene pogwa choimirira ayesedwe msana, chifukwa ululu wa phazi umabisa wa msana.

Musamuimiritse, musamukhazike ndipo musamukoke kuti muwongole msana. Pezani chitseko kapena thabwa lalikulu. Anthu anayi kapena asanu amutembenuze nthawi imodzi ngati chipika, mmodzi atagwira mutu kuti ukhale molunjika ndi thupi. Mumangeni ndi zitenje kuti asagwedezeke ndipo ayende chogona, kaya m'boti, m'ngolo kapena m'galimoto. Njinga yamoto ayi.

Kuthowa ndi madzi otentha, kusisita mwamphamvu ndi kutema mphini sizilumikiza fupa la msana. Pakhungu lomwe silikumva, madzi otentha amangosiya bala lamoto.

Mukafika kuchipatala kumbukirani kuti safunsa adadya phula. Afunseni adokotala mwaulemu: kodi fupali ndi lokhazikika? Kodi mtsempha wakhudzidwa? Ngati simuchita opaleshoni, n'chifukwa choti siyofunika kapena chifukwa kuno kulibe zipangizo? Tibwerenso liti kudzajambulitsa? Adzayamba liti kunyamula katundu?

Wodwala akatulutsidwa, bwererani naye msangamsanga mukaona kuti miyendo yayamba kufooka kapena kuchita dzanzi, akulephera kukodza kapena mkodzo ndi chimbudzi zikungotuluka zokha, sakumva kanthu pakati pa miyendo ndi pamatako, kapena ululu ukukulirakulira ndipo msana ukupindika. Zizindikiro zimenezi sizidikira tsiku lomwe adalemba m'buku la kuchipatala.

Kwa yemwe wafa miyendo, mutembenuzeni maola awiri alionse, yang'anani khungu lake m'mawa ndi madzulo, pogona pakhale pouma ndi pofewa, amwe madzi ambiri, ndipo kapaipi ka mkodzo kasinthidwe panthawi yomwe achipatala anena. Mutu umodzi susenza denga, choncho abale azisinthana m'malo momusiyira mayi mmodzi.

Nanga boma?

Mu 2001 maiko a mu Africa, kuphatikizapo Malawi, adalonjeza ku Abuja m'dziko la Nigeria kuti azipereka K15 pa K100 iliyonse ya bajeti ku zaumoyo. Mu 2024 dziko lino lidakhazikitsanso lamulo latsopano loteteza anthu olumala m'malo mwa la 2012. Malonjezo ndi malamulo alipo, chomwe chikufunika ndi ntchito yooneka.

Zina mwa zofunikazo sizodula. Akabaza, makomiti a m'madoko ndi alangizi a zaumoyo a m'midzi akhoza kuphunzitsidwa kanyamulidwe ka munthu wovulala msana m'tsiku limodzi. Chipatala chaching'ono chilichonse cha m'mbali mwa nyanja chikhoza kukhala ndi thabwa lonyamulira odwala. Gadiyani aliyense akhoza kuphunzitsidwa kutembenuza wodwala asanatuluke m'wodi.

Pakufunikanso njira yoti kiliniko ofesala wa ku Zomba azitumiza chithunzi cha X-ray pafoni kwa katswiri wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe n'kulandira yankho tsiku lomwelo, kuti wofunika opaleshoni anyamuke msanga ndipo wosafunika asavutike ndi ulendo wautali pachabe.

Pomaliza, madokotala athu ayenera kulemba ndi kutsatira odwala awo, kuti tidziwe mmene msodzi ndi mlimi wa kuno amapezera patatha chaka chimodzi kapena zisanu, m'malo modalira anthu 47 a ku Minnesota.

Bambo wa kwa Mwambo uja, ngati mtsempha wake uli bwino, fupa lake ndi lokhazikika, ndipo abale amusunga miyezi itatu osamulola kukoka khoka, ali ndi mwayi waukulu wobwerera kunyanja popanda chitsulo chilichonse mumsana. Khoka lomwe abale amafuna kugulitsa lija adzalifuna akadzachira.